Chipembedzo cha pa Nkhokwe

Inu Akhristu anzathu a ku Chitedze, ku Mpingu, ku Nsaru ndi midzi yonse yozungulira, chaka ndi chaka nyengo ya Lenti imatipeza nkhokwe zitapepuka. Pa Lachitatu la Phulusa timadzaza tchalitchi, wansembe natipaka phulusa pamphumi, pamene kumunda chimanga chikungoyamba kubereka. Ambiri a ife sitisowa wotilamula kusala zakudya, pakuti njala idatilamula kale. Tsono tiyeni tifunsane masiku ano ngati chipembedzo chathu chili choona.

Abambo Oyera adamanga misoni ya Likuni m'chaka cha 1903. Kuyambira pamenepo makolo athu adaphunzira katekisimu, korona ndi nyimbo za Misa, natisiyira ife. Zonsezi nzabwino, ndipo sitifuna kuti wina azinyoze. Koma Yakobo Woyera, m'kalata yake, poyesa chipembedzo sawerenga mapemphero ai. Ayang'ana momwe munthu asamalira ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Muyeso umenewu ngwovuta, chifukwa suchitikira m'tchalitchi momwe onse atiwona titavala zoyera.

Akuluakulu mukumbukira chaka cha 2002. Mvula ya chaka cham'mbuyo idawononga mbewu, chimanga chosungidwa ndi boma chinali chitagulitsidwa, ndipo mtengo wake pamsika udakwera kosaneneka. Phulusa tidalandira pa 13 February. Pa 27 mwezi womwewo boma lidalengeza kuti dziko lili pa tsoka la njala. Anthu adadya gaga, mizu ya nthochi ndi zikhawo zakutchire, ena nafa nazo. Chimanga chachiwisi chinkabedwa usiku, ndipo m'midzi ina ya m'chigawo chapakati ogwidwa adamenyedwa, adadulidwa makutu kapena zala, ena adaphedwa, chifukwa cha zisononkho zingapo. Sitikuloza mudzi uliwonse chala. Koma tisadzinyenge: manja amene adagwira zikwanje sanali a akunja okhaokha. Ena mwa manja amenewo adaadziwa madzi odalitsidwa, ndipo Lamulungu lotsatira adachita chizindikiro cha mtanda monga mwa masiku onse.

Kuba ndi tchimo, ndipo mwini munda amene adalima ndi thukuta ali nacho chifukwa chodandaulira. Ifenso tikadabedwa tikadapsa mtima. Komabe wakubayo anali ndani? Kawirikawiri anali mnansi, mwana wa uje, amene masana adapita khomo ndi khomo kufuna ganyu, nabwerera chimanjamanja.

Nkhani ya ganyu njomwe tifuna kuimapo, pakuti simadikira chaka cha njala yaikulu. Mayi wamasiye abwera kudzapalira munda wanu kuyambira tambala mpaka dzuwa pamutu. Mudziwa kuti ana ake agona ndi njala, choncho sangakane chilichonse. Mumpatsa kambale ka gaga, kapena mumuuza kuti abwere mawa, mawa lake losafika. Tsiku lomwelo munda wake womwe ukumera tchire, ndiye kuti chaka chamawa adzabweranso pakhomo panu. Madzulo mugwada ndi banja lanu kupempha chakudya chalero. Kodi Mulungu amva pemphero lanu, osamva la mayi uja? Tchimo limeneli ndi lochepa amene amalitchula m'kulapa.

Koma sitikhala opanda zitsanzo. Ku Namitete kuli chipatala cha St Gabriel, chimene Asisteri a Karmeli ochokera ku Luxembourg adayamba m'chaka cha 1959. Matenda a Edzi atachuluka, anthu wamba a m'midzi adadzipereka kuyendera odwala m'makomo mwawo, ena pa njinga, ena wapansi, kuwasambitsa, kuwakumbutsa mankhwala ndi kudziwitsa chipatala wodwala akafooka. Anali alimi onga ife, a mipingo yosiyanasiyana, ndipo nawonso anali ndi minda yofuna khasu.

M'miphakati yathu, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe atadzozedwa mu 1972, aliyense amadziwa nyumba imene simufuka utsi masana. Pa msonkhano wa sabata ino, mutatha korona, tchulani nyumba zimenezo mwaulemu, mugwirizane tsiku lokapalira minda yawo, ndi banja limene litengeko ufa.