MAYIKULOWEVU SI MAFUWA: TENTHETSANI CHAKUDYA MPAKA PAKATI

Amayi anzanga, masiku ano m'nyumba zambiri kumene kwafika magetsi mwalowa uvuni waung'ono wotchedwa mayikulowevu. Ena anachita kugula, ena anawatumizira ndi ana awo a ku Joni, ndipo ena amaugwiritsa ntchito m'nyumba za mabwana awo. Inu a kumudzi musanene kuti nkhaniyi si yanu, pakuti tsiku lina mudzapita m'tauni kukasamalira mwana wanu amene wachira, ndipo mudzaupeza uli m'khitchini. Paja safunsa anadya phula.

Nzeru ya uvuniwu inatulukira ku America m'chaka cha 1945, pamene Percy Spencer wa pa kampani ya Raytheon anaona kuti chokoleti cha m'thumba mwake chasungunuka ali pafupi ndi chipangizo chotchedwa magnetron. Chipangizo chomwecho ndicho chili m'kati mwa mayikulowevu lero. Mulibe moto ayi. Chimatulutsa mafunde osaoneka ndi maso amene amagwedeza madzi a m'chakudya mwaliwiro lalikulu, ndipo kugwedezekako ndiko kumabala kutentha.

Tsono apa mpamene pali nkhani. Mafundewa amangolowa masentimita awiri kapena atatu m'chakudya, ndiponso sagwa mofanana paliponse. Motero mbale ya ndiwo ikhoza kubwata m'mbali pamene pakati mpozizira. Pa mafuwa timaona ndi maso, timavundula ndi kulawa, koma uvuniwu ukalira belu ambiri timayesa kuti zonse zatheka. Malo ozizirawo ndiwo amabisa tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba ndi kusanza, ndipo oyamba kugwa nawo ndi ana, amayi oyembekezera ndi nkhalamba.

Kuti chakudya chitenthe bwino, chiyaleni mopyapyala m'mbale, osachiunjika ngati chulu. Zidutswa zikuluzikulu zikhale m'mbali, zing'onozing'ono pakati. Vundikirani ndi mbale ina kapena chivundikiro, nkusiya kampata kotulukira nthunzi. Nthawi ikafika theka, imitsani uvuni, vundulani ndiwo kapena tembenuzani nyama. Belu likalira musafulumire kupakula. Dikirani mphindi ziwiri chili chovundikira, kuti kutentha kufalikire mpaka pakati. Pomaliza bayani pakati penipeni ndi kuona ngati pakutuluka nthunzi. Amene muli ndi choyezera, kutentha kwa pakati kufike madigiri 75. Povundukula, chivundikiro chitsegukire kutali ndi nkhope yanu, chifukwa nthunzi imawotcha koopsa.

Mkute wa nsima muudule timagawo, muuwaze timadzi ndi kuuvundikira, udzafewa ngati waphikidwa kumene. Mpunga wotsala umafuna chisamaliro chapadera. Ukagona pamtunda usiku wonse, tizilombo timene timapirira moto timaswana ndi kusiyamo ululu umene suphedwa ndi kutenthetsanso. Choncho uziziritseni msanga, muuike mu furiji pasanathe ola limodzi, ndipo muudye tsiku lotsatira. Chakudya chilichonse chotsala chitenthetsedwe kamodzi kokha. Tapani chokwanira kudya nthawi imeneyo, china chikhale mu furiji.

Nkhuku kapena nsomba youma ndi chisanu mukaisungunula mu uvuniwu, iphikeni nthawi yomweyo, popeza m'mbali mwake mumakhala mutayamba kale kufunda. Nyemba zouma zisiyireni mbaula kapena mafuwa. Nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi ululu umene umatha pokhapokha zitabwata kwambiri kwa mphindi zosachepera 10, kenaka nkuphikidwa mpaka kufewa. Koma masamba a mpiru, chigwada chophika kale, mbatata ndi maungu zimachita bwino ndithu. Masamba amafuna timadzi pang'ono ndi nthawi yochepa, ndipo potero zofunika m'thupi sizitayikira m'madzi.

Inu amayi a makanda, mvetsetsani apa. Mkaka wa m'botolo musautenthetse mu mayikulowevu. Botolo likhoza kumveka lofunda m'manja pamene m'kati muli malo otentha oti nkuwaula m'kamwa mwa mwana. Liimikeni m'kapu ya madzi ofunda monga mwa kale. Phala la mwana mulivundule bwinobwino, mulisiye lipole, ndipo mulilawe inu eni ake musanamudyetse.

Dzira losaswa musaliikemo, ngakhale lophika kale, chifukwa nthunzi imadzazana m'kati mpaka limaphulika, nthawi zina lili kale pa mbale. Mbatata yosasenda muibaye ndi foloko kaye. Madzi a tiyi nawo akatenthetsedwa mopitirira muyeso amaoneka odekha, koma mukangothiramo shuga kapena kuwagwedeza amawira mwadzidzidzi nkukuwotchani dzanja. Asiyeni kanthawi mu uvunimo musanawatulutse.

Kunena za ziwiya, mbale zagalasi ndi zadothi ndizo zoyenera. Mbale zachitsulo, masupuni, mafoloko, makapu a mkombero wagolide ndi pepala lonyezimira lija lokulungira chakudya zimathetheka moto ndi kuwononga uvuni. Zigubu za majarini, majumbo ndi mapepala a nyuzi ayi. Pulasitiki yoyenera imakhala yolembedwa pansi pake kuti ndi ya mu mayikulowevu. Uvuni musauyatse mulibe kanthu, ndipo ndiwo zikatayikiramo pukutani msanga ndi kansalu konyowa.

Ena amaopa kuti chakudya cha mu uvuniwu chimatsala ndi mphamvu yoipa. Izi si zoona. Mafundewo amaleka pomwe uvuni wazima, monga momwe kuwala kumathera mukazimitsa getsi. Chofunika nchakuti chitseko chizitsekeka bwino. Chikapindika kapena kusweka, lekani kuugwiritsa ntchito mpaka aukonze odziwa.

Amayi, kuthamanga sikufika. Zimene mwawerengazi kauzeniko atsikana anu, antchito a m'nyumba ndi anzanu a ku bungwe. Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.