Kuyeza kapopedwe ka mtima osaboola thupi

Kuno ku Mchinji, kuyambira kwa Mkanda mpaka kuchipata cha Mwami, anthu aphunzira kufunsa kuti, "BP yanga ili bwanji, adokotala?" Ndimakondwera nazo. Koma ife amene timagonetsa odwala ku fiyeta tili ndi funso lina lotisowetsa tulo: kodi mtimawu ukutulutsa magazi ochuluka bwanji pa mphindi?

BP imangonena mphamvu imene magazi akukankhira mitsempha, ndipo imatha kunamiza. Mayi wachitsikana akataya magazi pobereka, mitsempha imafinyika, mtima n'kuyamba kuthamanga, BP n'kumaonekabe yabwino pomwe magazi oyenda achepa kale. Ikamadzatsika, zinthu zimakhala zitafika pothina.

Masamu ake ndi a pa mjigo: madzi otuluka mukapopa kamodzi, kuchulukitsa ndi maulendo amene mwapopa. Mtima wa munthu wamkulu amene wangokhala umatulutsa mamililita pafupifupi 70 ukagunda kamodzi, ndipo umagunda ka 70 pa mphindi, ndiye kuti malita pafupifupi 5. Kwa mayi woyembekezera amakwera ndi 30 mpaka 50 peresenti. Kugundako aliyense atha kuwerenga pa mkono. Chovuta ndi mamililita aja.

Mu 1970, Jeremy Swan ndi William Ganz a ku Los Angeles anabweretsa kapaipi kolowa mumtsempha, kudutsa mumtima mpaka kumtsempha wopita kumapapo. Kamayeza ndithu, koma kamafuna ICU, katswiri ndi ukhondo wadzaoneni. Njira ina inali itayamba kale m'ma 1960 ku yunivesite ya Minnesota, kumene William Kubicek ndi anzake, mothandizidwa ndi NASA, ankafuna kuyeza mitima ya opita m'mlengalenga osawabaya. Dzina lake ndi impedance cardiography.

Pakhosi ndi m'munsi mwa nthiti timamatapo timapepala tonga ta ECG. Tina timatumiza magetsi m'chifuwa, tina timayeza mmene adutsira. Wodwala akamva za magetsi amatong'ola maso poopa shoko, koma ndi ochepetsetsa, mamiliampeya osaposa 4, ndipo amasinthasintha mbali maulendo oposa 20,000 pa sekondi, moti ngakhale khungu silimva kanthu.

Chinsinsi chili m'magazimo. Popeza ali ndi mchere, magetsi amadutsamo mosavuta, pomwe mafupa, mafuta ndi mapapo odzaza mpweya amawakaniza. Mtima ukagunda, magazi amakhamukira mu aorta, mtsempha waukulu wochokera mumtima, n'kuutupitsa. Maselo ofiira amafola kuloza kumodzi. Kukaniza kuja kumatsika pang'ono, kenako n'kubwerera. Kompyuta imaona liwiro la kutsikako ndi nthawi imene mtima watenga potulutsa magazi, n'kuphatikiza msinkhu ndi kulemera kwa wodwala, n'kupereka nambala.

Nambalayo ndi yoyerekeza, ndipo apa ndi pamene ogulitsa makina amathamangapo. Madzi akadzaza m'mapapo, magetsi amapeza njira yachidule, nambala n'kusokonekera. Wodwala akamanjenjemera ndi malungo, chimodzimodzi. Mtima wogunda modumphadumpha, kapena wa mavavu otayikira chifukwa cha rheumatic heart disease, matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi amene avutitsa ana ambiri m'Malawi muno, nawo umawazunguza makinawa. Tsoka lake, awa ndi ena mwa odwala amene timafunitsitsa kuwayeza.

Choncho ine sindikhulupirira nambala imodzi. Ndimakhulupirira kumene ikulowera. Mukamuika wodwala diripi, nambala n'kukwera ndi 10 peresenti kapena kuposa, thupi limafunadi madzi. Ikapanda kusuntha, lekani, botolo lachiwiri lingokathera m'mapapo. Pachipatala cha kutali, yankho limeneli lingathandize kusankha pakati pa kumusunga wodwala ndi kumukweza ambulansi ulendo wa makilomita oposa 100 wopita ku chipatala cha Kamuzu Central.

Amene angafune kutigulira makinawa ayambe afunsa mtengo wa timapepala tija. Timapepalato timagwira ntchito pa wodwala mmodzi basi, ndipo tikatha, makina onse amangokhala m'kabati.