Inshuwalansi ya Moyo wa Mwana: Fiqh Ikuti Chiyani?

Nyengo yogulitsa fodya ndi mtedza ikafika, anthu a ku Mitundu ndi ku Nathenje amagwirako ndalama, ndipo makolo ena amafunsa mashehe ngati nkololedwa kumulembetsa mwana ku inshuwalansi ya moyo. Mgwirizano wake ndi wotere: kholo limasonkha mwezi ndi mwezi, mwana akamwalira kampani imapereka ndalama zomwe anapangana. M'mapolise ena, mwana akafika msinkhu womwe anagwirizana amalandira zosonkhazo pamodzi ndi phindu.

Nkhani ya inshuwalansi si yachilendo mu fiqh. Ibn Abidin wa ku Damascus, katswiri wa madhhab a Hanafi yemwe anamwalira mu 1836, analemba m'buku lake la Radd al-Muhtar za amalonda omwe ankalipira munthu wina kuti katundu wawo akaonongeka panyanja adzawabwezere. Iye anagamula kuti mgwirizano wotere ukachitikira m'dziko la Asilamu, nkosaloledwa kulandira ndalamazo, chifukwa wolipirayo wadzisenzetsa ngongole yomwe Sharia sinamusenzetse. Mu Disembala 1985, International Islamic Fiqh Academy, yomwe imasonkhanitsa maulama a madhhab osiyanasiyana kuphatikizapo a Shafi'i omwe ambiri a ife timatsata, inagamula ku Jeddah kuti inshuwalansi yamalonda ndi haraam, koma yothandizana ndi yololedwa.

Chifukwa chachikulu ndi gharar, kutanthauza kugula chinthu chosadziwika. Kholo silidziwa kuti lidzasonkha kangati, ngakhalenso ngati lidzalandira kanthu. Wina asonkha miyezi iwiri nkulandira zambiri, wina asonkha zaka zisanu, mvula nkuvuta, nkulephera kupitiriza, polise nkufa. Apa maulama amaonapo maonekedwe a juga. Palinso riba, poti ndalama ikusinthanitsidwa ndi ndalama yochulukirapo patapita nthawi, ndipo makampani ambiri amaika zosonkhazo kumalo kobereka chiwongoladzanja.

Ophunzira adziwe kuti si onse anagwirizana nazo. Shehe Mustafa al-Zarqa wa ku Syria, yemwe anamwalira mu 1999, ankati chomwe munthu akugula ndi mtendere wa mumtima, ndipo chimenecho nchodziwika, bola pasakhale riba. Maganizo akewa ndi olemera ndithu. Koma ngakhale titawatsata, pa moyo wa mwana sagwira kwenikweni. Mwana sadyetsa banja. Akamwalira chisoni chimakhala chosaneneka, koma chuma chomwe chimafunika ndi cha sanda, thiransipoti ndi chakudya cha obwera kudzapepesa, poti maliro a Chisilamu salira bokosi lodula. Imfa yomwe imagwetsa khomo ndi ya bambo kapena mayi amene amalipira fizi. Ndiponso inshuwalansi ya mwana sitingaiyerekeze ndi ya galimoto, yomwe malamulo a dziko amatikakamiza ndipo maulama ambiri amailola chifukwa cha kukakamizidwako. Ya mwanayi palibe akutikakamiza.

Kwa amene akufuna kumusungira mwana ndalama za sukulu, akumbukire kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Ndalama yolembedwa papepala lero, pofika nthawi yoti mwana alowe ku Bunda idzagula zochepa.

Njira yomwe maulama analoleza ndi takaful: anthu amasonkha ngati chopereka chothandizirana, ndipo thumbalo limakhala lawo. Kampani yoyamba yotere inatsegulidwa ku Sudan mu 1979, ndipo Malaysia inakhazikitsa lamulo lake la takaful mu 1984. Muzu wake ndi wakale: Mtumiki (SAW) anayamikira fuko la Ash'ari lomwe chakudya chikachepa linkasonkhanitsa chotsalacho nkugawana mofanana. Thumba la maliro la pamzikiti, lokhala ndi kaundula ndi asungichuma awiri kapena atatu, likuyenda m'njira yomweyo. Banki mkhonde yokongoza ndi chiwongoladzanja siili m'gululi, ngakhale mamembala onse atakhala Asilamu.

Kholo lingathenso kumupatsa mwana hiba, mphatso yoperekedwa likadali moyo, kaya mbuzi kaya ng'ombe, pamaso pa mboni, nkumusungira mpaka akule. Lichite chilungamo pakati pa ana onse, monga Mtumiki (SAW) anawalamulira bambo ake a Nu'man ibn Bashir. Lisadalire wasiya, chifukwa mwana ndi mlowam'malo kale, ndipo wasiya wopita kwa mlowam'malo sugwira ntchito pokhapokha alowam'malo enawo atavomereza.