Tasiya Fodya, Tisabwererenso Mavuto Akafika

Ambiri mwa ife tinasiya fodya titayamba kumwa ma ARV, amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004. Koma kusiya ndi chiyambi chabe. Kuno kwa Khombedza, chibaba chimabweranso pa nthawi yovuta: usiku pa maliro anzathu akamapichira chingambwe, chimanga chikapsa ndi dzuwa, kapena usipa ukasowa pa nyanja.

Tizikumbukira kuti ma ARV amachepetsa kachilombo m'thupi koma sateteza mapapo ku utsi. Kwa munthu amene ali ndi HIV, fodya amawonjezera chiopsezo cha TB, chibayo, matenda a mtima ndi khansa ya m'mapapo.

Chibaba chimabwera chifukwa ubongo unazolowera nikotini, koma chimazirala pakapita mphindi zochepa. Chikatigwira, timwe madzi, tidye nzimbe kapena mtedza, ndipo tichoke pamene ena akusuta. Tipewenso mowa chifukwa umatiiwalitsa zimene tinatsimikiza.

Tikapezeka tasuta ndudu imodzi, tisataye mtima, tisiyenso tsiku lomwelo. Tiwauze anzathu a m'gulu lothandizana kapena alangizi a pa chipatala cha Khombedza. Ngati tikutsokomola, tikayezetse makhololo msanga.