Madzi akafooka m'dziwe losambiramo, yambani mwaona sefa

Anyamata ambiri a m'midzi ya kum'mawa kuno apeza nchito m'malo ogona alendo ku Mfuwe, pafupi ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa, ndiponso m'mahotela a ku Chipata ndi ku Lusaka. Imodzi mwa nchito zimene amapatsidwa ndiyo kusamala dziwe losambiramo. Madzi akasanduka obiriwira, alendo amadandaula, ndipo woyamba kufunsidwa ndiye wosamala dziweyo. Kawirikawiri bvuto limayambira pa kufooka kwa madzi otuluka m'mapaipi.

Munthu amene anakumbapo kacitsime pa mcenga wa mumtsinje m'cilimwe adziwa kuti mcenga umayeretsa madzi. Sefa ya dziwe igwira nchito cimodzimodzi. Pampu imakoka madzi m'dziwe, niwakankhira m'thanki yodzaza mcenga. Litsiro limatsala mumcenga, ndipo madzi oyera amabwerera m'dziwe. Litsirolo likaculuka, njira ya madzi imatsekeka. Izi zimacitika kwambiri mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene mphepo imauluza pfumbi ndi masamba ouma.

Musanathamangire kukaitana makaniko, yang'anani geji, kaciwiya ka singano kamene kali pamwamba pa sefa. Ngati singano yatsika kuposa masiku onse, ndiye kuti madzi sakufika bwino ku pampu. Zimitsani pampu ndi kukhuthula masamba m'kadengu ka m'mphepete mwa dziwe ndi m'kadengu ka pampu. Onaninso ngati madzi a m'dziwe afika pakati pa kamwa yokokera madzi. Akatsika, pampu imakoka mpweya, ndipo cizindikiro cace ndico thobvu lotuluka m'mapaipi. Civindikiro ca pampu cosamanga bwino cimalowetsanso mpweya. Pampu isayende yopanda madzi, cifukwa imatentha ndi kuonongeka.

Koma ngati singano yakwera, mlandu uli ndi sefa. Lembani nambala imene singano iloza pamene sefa yangotsukidwa kumene. Ikakwera ndi 8 kufikira 10 pa manambala a psi, nthawi yotsuka yakwana.

Katsukidwe kace nkotere. Zimitsani pampu, ndi kutembenuza cogwirira ca pa sefa kufikira pa liu lakuti Backwash. Yatsani pampu kwa mphindi 2 kapena 3. Apa madzi amayenda cobwerera, natukula mcenga, ndipo litsiro limatulukira ku paipi yotayira. Madzi akayera pa kagalasi koonerapo, zimitsani, ikani pa Rinse, ndi kuyatsa kwa theka la mphindi kuti mcenga ukhazikike. Zimitsaninso, ndi kubwezera pa Filter. Lamulo lalikulu ndi ili: musatembenuze cogwirira pampu iri kuyenda, cifukwa mphira wa m'kati umang'ambika. Potsiriza onjezani madzi m'dziwe m'malo mwa amene atayika.

Masefa ena alibe mcenga, koma ali ndi cinsalu copindapinda. Ici cimacotsedwa ndi kutsukidwa ndi madzi a m'paipi kucokera pamwamba kutsika pansi. Musanatsegule sefa iri yonse, zimitsani magetsi ndi kutulutsa mpweya wa m'kati, pakuti civindikiro cikhoza kudumpha ndi kubvulaza munthu.

Ngati singano ikweranso msanga mutatsuka, mwina ndere zaculuka m'madzi cifukwa ca kucepa kwa klorini, kapena mcenga wagwirana ndi mafuta a m'thupi la osamba. Mcenga umafunika kusintha patapita zaka 3 kufikira 5. Apo ndipo muyenera kuuza mwini wace wa malo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wosamala dziwe amene amayang'ana geji m'mawa uli wonse, nalemba nambala yace m'kabuku, amapulumutsa pampu ya ndalama zambiri, ndipo amasunganso nchito imene idyetsa banja lace kumudzi.