Kadontho ka pambali pa mphuno

Kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike, msuweni wanga anayamba kudana ndi kadontho kakuda kamene kali pambali pa mphuno yake. Anabadwa nako, ndipo zaka zonsezi sikanamulakwirepo. Alangizi sanasowe. Azakhali anati akamange ndi ulusi mpaka kafote. Wa ku saluni anati apakepo adyo wosinja, wina anati Colgate, agone naye mpaka m'mawa. Agogo okha ndiwo anapukusa mutu: "Mwanawe, chobadwa nacho sachiputa. Ukadula chimasanduka khansa."

Mantha a agogowo ali ndi pogwira, ngakhale mawu awo anaphonya pang'ono. Kadontho kotere ndi timaselo topanga mtundu wa khungu tomwe taunjikana malo amodzi, ndipo kukachotsa sikubala khansa. Choopsa chili pena. Kadontho kamene kayamba kale kudwala, ukakapala ndi lezala kunyumba umangochotsa pamwamba, matenda n'kutsala mkati akukula mwakachetechete. Dokotala akachotsa kokayikitsa amakatumiza ku labotale kuti akakaunike. Kootchedwa ndi adyo palibenso amene angakayeze.

Nanga zopaka za m'timabotolo zija, zolembedwa kuti zimachotsa m'masiku ochepa? Zambiri ndi asidi, zimangowotcha. Mu 2022 bungwe la FDA ku America linachenjeza makampani, kuphatikizapo Amazon, chifukwa chogulitsa mankhwala otere osavomerezeka.

Ife a khungu lakuda tili ndi chifukwa china chodekhera. Bala lathu likamapola limakonda kusiya banga lakuda kuposa poyamba, ndipo kwa ena pamamera chipsera chotukumuka, cholimba, choyabwa, chomwe madokotala amati keloid. Munaonapo mtsikana amene anaboola khutu kuti avale ndolo, kenako panatuluka chotupa ngati nzama? N'chomwecho. Ndiye taganizani chili patsaya, m'malo mwa kadontho kamene anthu ambiri sankakaona n'komwe. Ngakhale dokotala waluso sangalonjeze kuti sipatsala chipsera. Iye amangodziwa kuchichepetsa, ndipo amayamba wafunsa mmene mabala anu akale anapolera.

Ena amasokoneza timadontho ndi njerewere. Njerewere imabwera ndi kachilombo ndipo imapatsirana, kadontho ayi. Tiziphuphu takuda tomwe timamera m'masaya ndi kuzungulira maso munthu akamakula, ngati ta Morgan Freeman, nato n'tina: timayenda m'magazi a kubanja, ndipo si khansa.

Kadontho kofunika kuthamangira nako kuchipatala ndi kamene kakusintha: kakukula, kakusakaniza mitundu, kakuyabwa, kakutuluka magazi, kapena m'mphepete mwake mwayamba kukhotakhota. Chodabwitsa n'chakuti kwa munthu wakuda kotereka kawirikawiri sikakhala kumaso kumene timakuyang'ana pagalasi tsiku ndi tsiku. Kamabisala kuphazi, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo. Khansa imene inapha Bob Marley mu 1981, ali ndi zaka 36, inayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi.

Msuweni wanga anapita kwa dokotala wa khungu. Dokotalayo anayang'ana kadonthoko ndi kagalasi kounikira, nati n'kabwinobwino, angathe kukachotsa, koma chipsera sichikhala chitazilala pofika tsiku la ukwati. Kenako anamuuza avule nsapato kuti aone kumapazi. Pa zithunzi za ukwati kadontho kaja kalipo, pambali pa mphuno, atakapaka paudala pang'ono.