Gule wa ballet kwa mwana wosowa pokhala

Wowerenga wina wandifunsa kuti gule wa ballet angamuthandize chiyani mwana amene banja lake lilibe nyumba. Inenso funsoli linkandizunguza mutu, poti mwana wotere chimene akusowa ndi denga, osati nsapato zovinira.

Yankho lili m'kaphunzitsidwe kake. Phunziro la ballet silisinthasintha ndondomeko. Ana amayamba atagwira mtengo wopingasa wokhomedwa kukhoma, n'kumapinda mawondo ndi kutambasula mapazi pang'onopang'ono. Kenako amapita pakati pa chipinda, ndipo kudumpha kumabwera kumapeto. Mawa chimodzimodzi. Mwana amene sakudziwa kumene adzagone sabata yamawa amapeza ola limodzi limene akudziwiratu chotsatira, komanso mphunzitsi womudziwa dzina, amene amazindikira akajomba. Zili ngati kamtengo kamene timazika pambali pa tomato: sikamupatsa madzi kapena manyowa, koma kamamugwira kuti akule osagwera pansi.

Ku New York, Diana Byer anayambitsa pulogalamu ya LIFT mu 1989 pansi pa gulu lovina la New York Theatre Ballet, n'kumatenga ana m'nyumba zosungiramo mabanja osowa pokhala. Anawo amathandizidwanso ndi zovala, mabuku ndi maphunziro a kusukulu, ndipo mbali imeneyi ndimaiona yofunika kwambiri, chifukwa mwana wozizidwa sangavine. Steven Melendez analowa pulogalamuyi ali ndi zaka 7, akuchokera m'nyumba yotere ku Bronx. Anakula n'kukhala katswiri wovina, ndipo mu 2022 anasankhidwa kutsogolera gululo m'malo mwa Byer.